Kasileti ka Sabrina

Pa Benga palibe mlimi wa mpunga amene sadziwa mkono wa Mayi Asiya. Nkhope yawo ena amaiwala, koma mkonowo ayi. Munthu akatula thumba lake, n'kulimasula kukamwa, n'kuyamba kulumbira kuti ndi kilombero yekhayekha wa ku madambo a ku Bua, Mayi Asiya sayankha. Amangopinda dzanja la bulauzi, n'kupisa mkono m'thumbamo mpaka m'khwapa. Chimene atuluke nacho pansipo ndicho amakambira mtengo. Kambirimbiri atulutsa faya, mpunga wotsika mtengo, wobisidwa pansi pa kilombero, nthawi zina mchenga wa kunyanja, ndipo tsiku lina anavuula mwala waukulu ngati papaya. Thumba likapezeka ndi chilema, ngakhale chochepa bwanji, amalibweza. Mwini wake kaya alire, kaya atchule ana ake odwala, iwo amakhala atayamba kale kumasula thumba la munthu wina.

Khalidweli silinachite kuwagwera. Mayi Asiya anabadwira ku boma, m'banja loti aliyense ankagulitsa kanthu. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mayi awo, omwe ankakazinga zitumbuwa za mpunga, anawatuma kukagula ndowa ziwiri. Wogulitsayo anali bambo woseka bwino, wa ndevu zoyera, wotchula dzina la Mulungu pa mawu atatu alionse. Atafika kunyumba anapeza kuti pansi pa ndowazo panali mpunga wonyowa, wochita kale nkhungu. Mayi awo sanawamenye. Anangowauza kuti mpungawo audya okha mpaka uthe, ndipo unatha patadutsa masabata atatu. Kuyambira pamenepo munthu woseka bwino Mayi Asiya amamuyang'ana kawiri.

Thumba limodzi lokha ndilo analilandira osapisamo mkono, ndipo limeneli ndi amuna awo, a Zaidi. A Zaidi ndi telala. Makina awo akhala pa khonde la sitolo ina, kutsidya kwa msewu kuyang'anizana ndi pamene Mayi Asiya amagulira mpunga, kwa zaka zoposa makumi atatu, moti miyendo ya makinawo inakumba timaenje pa simenti. Ndi munthu woonda, wofatsa, woyankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Sukulu anasiyira Fomu 2 bambo awo atamwalira, koma kuwerenga sanasiye. Nyuzipepala yokulungira usipa ankayamba aiwerenga kaye mbali zonse ziwiri, kenako n'kupereka nsombazo kukhitchini. Pansi pa bedi panali katoni ya mabuku achingerezi othothoka zikuto, ena ogula pamsika, ena opempha kwa aphunzitsi.

Tsiku la nikaha, ukwati wawo wachisilamu, anthu ali kalikiliki ndi mbale za pilau, a Zaidi anawanong'oneza kuti ngakhale chipembedzo chimalola akazi anayi, kwa iwo mmodzi akwana, chifukwa makina awo ali ndi singano imodzi. Mayi Asiya anakulira m'nyumba ya mitala. Anaona mayi awo akuwerenga masiku a sabata pa zala, kudikira tsiku lawo, ndipo analumbira ali mtsikana kuti iwo sadzawerengera mwamuna masiku. Choncho mawu a tsiku lija anawasunga. Anabereka ana anayi, woyamba Bushra amene tsopano ali pabanja ku Salima, onse anaphunzira ndi mpunga ndi singano, ndipo pa zaka zonsezo mawuwo sanaphwanyidwe.

Kenako kunabwera kasileti.

Chaka chatha, mvula itangosiya, Yakubu, mwamuna wina wa pa Benga pomwepo, anabwera kuchokera ku Joni ndi chikwama cha mafoni ogwirapo kale ntchito. Mafoniwo anatha m'masiku awiri. Kanatsala kachipangizo kamodzi kopyapyala, kotuwa ngati phulusa, komwe aliyense ankakatembenuza n'kukabweza. Sikalira, sikalowa simu, sikaonetsa kanema. A Zaidi atakagwira sanakasiyenso. Anagwirizana ndi Yakubu kuti amusokere makanzu awiri, n'kukatenga. Mayi Asiya atakaona anati kakufanana ndi sileti yomwe ankalembapo ku Sitandade 1, ndipo dzina linakhala lomwelo.

"M'katimu muli mabuku oposa mazana atatu, mayi a Bushra," anatero a Zaidi, nkhope ili ngwee ngati mwana pa tsiku la Idi. "Ukakhudza mbali iyi tsamba limatembenuka. Padzuwa kamawerengeka ngati pepala lenileni. Ndipo ukakatchaja kamodzi ku malo ometera kuja, kamakhala masabata atatu."

"Chinthu chodya kamodzi pa masabata atatu?" anafunsa Mayi Asiya. "Ndiye kuti chimakadya kwina."

A Zaidi anaseka, koma akazi awo sankacheza. Anaona okha amuna awo akusokera kasiletiko kathumba ka nsalu yofewa yobiriwira, ka zipi, kokhala ndi mpendero wokongola. Iwo zaka zonsezi ngakhale kachikwama kosungira makobidi ankachita kupempha katatu. Zimenezi anazisunga mumtima.

Zosunga zinayamba kuchuluka. Kale a Zaidi akamawerenga buku ankaliyala pa bondo, wodutsa aliyense n'kumaona. Kasiletika ankakabweretsa pafupi ndi mphuno, ndipo Mayi Asiya akangoyandikira ndi kapu ya tiyi, ankakagwadika pachifuwa mofulumira ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Nthawi zina ankamwetulira okha. Tsiku lina anawapeza akupukuta misozi. Buku la pepala anakhala nalo zaka makumi atatu osawalizapo, ndiye kagalasi kotuwa kakawalize bwanji popanda munthu kuseri kwake?

M'mawa wina a Zaidi atapita kuseri kukachita udhu, kusamba kokonzekera mapemphero, anaiwala kutseka zipi. Mayi Asiya anakasolola n'kudina kabatani ka pansi monga ankaonera. Sukulu analekera Sitandade 4 ndipo Chingerezi sachimva, koma dzina la munthu ndi dzina m'chilankhulo chilichonse. Pamwamba penipeni panalembedwa kuti Sabrina. Analiwerenga katatu, chala chikutsata chilembo chimodzichimodzi, ndipo a Zaidi atabwerera m'nyumba anawapeza kali m'manja.

"Abambo a Bushra, Sabrina ndi ndani?"

"Ndi mwini wake woyamba. Dzina lake linatsalira m'katimo. Ine sindimudziwa."

"Ndiye mumagona ndi dzina la munthu wosamudziwa pansi pa pilo?"

"Ndi mabuku chabe, mayi a Bushra."

"Ngati ndi mabuku chabe, tandionetsani tsamba limene mukuwerenga."

A Zaidi anatenga kasiletiko n'kukabwezera m'kathumba. Kenako anatseka zipi, n'kunena kuti akuchedwa ku ntchito. Apa ndi pamene anadzikumbira okha dzenje, chifukwa wogulitsa amene akukana kuti upise mkono m'thumba lake wakuuza kale zimene zili pansi.

Mayi Asiya anayamba kufufuza mwakachetechete. Azimayi obwera ndi mpunga kuchokera ku Malengachanzi, ogulitsa nsomba a ku Bua, makondakitala a minibasi za ku Dwangwa, onse ankafunsidwa mozungulira ngati akudziwa mzimayi wina dzina lake Sabrina. Anapezeka awiri. Wina anali mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, wina anali nkhalamba yopanda mano ya ku Dwangwa. Mayi Asiya anapita kwa Yakubu, yemwe anaseka mpaka kugwira nthiti, n'kunena kuti kachipangizoko anakagula pa mulu wa zinthu zakale ku Joni ndipo Sabrina ayenera kuti ndi mzungu wina amene anaiwala kale kuti anali nako. Mayi Asiya anamuyang'ana akuseka bwino chotero, n'kudziwa kuti nayenso ali m'chiwembucho.

Ndiye panali maulendo. Kawiri konse a Zaidi anakwera basi ya ku Lilongwe, ati kukagula ulusi ndi mabatani, chonsecho ulusi ankagula ku boma moyo wawo wonse. Ankabwera ndi kapaketi koti kakwana m'thumba la malaya, maso ali psuu, osafuna kucheza. M'kadirowa ka makina munapezeka kabotolo kakang'ono koyera. Atafunsidwa anati ndi mafuta a makina. Mayi Asiya fungo la mafuta a makina akhala akulichapa m'malaya zaka makumi atatu, ndipo zimene zinali m'kabotoloko sizinkanunkha kanthu. Anaganiza za mankhwala amene amuna achikulire amafuna akapeza mtsikana, ndipo tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Patapita masabata angapo a Zaidi anakoka katoni ya mabuku ija pansi pa bedi, n'kuikweza pa njinga, n'kukaipereka ku sukulu ya pulayimale. Anati onse ali m'kasileti tsopano. Mayi Asiya anaima pakhomo n'kumaonerera njingayo ikupita. Mwamuna akayamba kuchotsa katundu wake m'nyumba, mkazi wanzeru safunsa kuti akupita kuti.

Mwina wina anganene kuti mayiwa anali ndi mtima wokayika mopitirira. N'zoona. Koma mtima womwewo ndi umene unaphunzitsa ana anayi, ndipo pa zaka makumi anayi za malonda sunawanamizepo. Galu wamkota sakandira pachabe. Chinthu chinalipo ndithu pansi pa thumbalo, ndipo iwo anachimva ndi nsonga za zala.

Mwezi wa Ramadhani ndiwo nyengo yokolola ya telala aliyense wa kunyanja kuno, chifukwa palibe amene amafuna kukaswali Idi ndi kanzu ya chaka chatha. Chaka chino a Zaidi anabweza anthu. Anati atopa, msana ukuwawa. Anabweza ngakhale a shehe. Kanzu imodzi imene analandira anaisoka ndi ulusi wakuda pa nsalu ya buluu, mwini wake n'kubwera kudzadandaula kwa Mayi Asiya. Ndipo tsiku lina masana, Mayi Asiya akuchokera ku chigayo atavala chitenje chatsopano, anakumana ndi amuna awo m'mbali mwa msewu. Anadutsana pafupi moti akanatha kugwirana dzanja. A Zaidi anangopitirira, maso ali patsogolo, kathumba kobiriwira kali m'khwapa, osapereka ngakhale salamu. Azimayi awiri amene anali nawo limodzi anayang'ana pansi.

Zimenezi zinawapweteka kuposa dzina lija. Anafika kunyumba, n'kuvula chitenjecho, n'kukhala pa bedi nthawi yaitali. Anaganiza zoti Idi ikangodutsa aitane ankhoswe. Sadzakhala pa mitala, ngakhale atakalamba chotani. Adzapita kwa Bushra ku Salima, mpunga amagula kulikonse. Koma ankadziwa kuti ankhoswe sangamve za dzina lolembedwa pa galasi. Ankafuna makalata enieniwo, mawu a Sabrina, kuti akawayale pa mkeka anthu onse akuona.

Lachisanu a Zaidi sapita ndi kasileti ku mzikiti, amakasiya pansi pa pilo. Atangotuluka, Mayi Asiya anakabisa m'chitenje n'kulunjika ku nyumba za aphunzitsi. Kumeneko kumakhala Fainess, mphunzitsi wa Sitandade 7 wochokera ku Nkhata Bay, amene amagula mpunga kwa iwo mwezi uliwonse ndipo amadziwika kuti sayenda ndi nkhani za anthu.

"Aphunzitsi, munditsegulire ichi. Mundiwerengere zonse zimene akulemberana, musandibisire ngakhale liwu limodzi. Ine ndine wamkulu, ndipirira."

Fainess anapukuta manja, n'kukhala nawo pa mkeka. Anadina apa, n'kudina apo, kwa kanthawi ndithu.

"Amama, ichi sichitumiza uthenga. Mulibe nambala, mulibe zithunzi za munthu. Onani, uwu ndi mndandanda wa mabuku basi. Sabrina uyu ndi amene anachigula chili chatsopano, kunja uko, zaka zapitazo."

"Fufuzani pansi. Zoipa sizikhala pamwamba."

Fainess anamwetulira pang'ono, n'kutsika mpaka kumapeto kwa mndandandawo. Panalibe kanthu. Kenako anatsegula buku limene a Zaidi anasiyira, ndipo kumwetulira kuja kunatha.

"Amawerenga ndani ichi, amama? Adada okha?"

"Okha. Mwapeza chiyani?"

Fainess anawatembenuzira galasilo. Mayi Asiya anali asanaonepo tsamba la m'kati. Zilembo zake zinali zikuluzikulu ngati za pa chikwangwani cha golosale. Anawerenga mawu ndi chala, n'kupeza kuti tsamba lonse linali ndi mawu asanu ndi anayi okha.

"Ubwino wa zinthu izi ndi woti zilembo umazikulitsa wekha," anatero Fainess motsitsa mawu. Anakhudza pamwamba, n'kutuluka kamzere ka timadontho. "Masitepe ake ndi khumi ndi anayi. Anthu ambiri amawerengera apa, pachinayi." Anadina, ndipo zilembo zinachepa n'kudzaza tsamba ngati nyerere pa chigoba cha shuga. "Adada ali pa khumi ndi chitatu. Latsala limodzi. Amalume anga kwathu ankachita chimodzimodzi pa foni, maso atayamba kuwathera."

Mayi Asiya anadzuka n'kumanga chitenje. Anauza Fainess kuti abweze zilembozo momwe zinalili. M'njira ankadziuza kuti anthu ophunzira amabisirana, kuti a Zaidi ayenera kuti anadutsa kale kwa mphunzitsiyu tsiku limene ankapereka mabuku. Telala wa singano angakhale wosaona iwo osadziwa, akudya naye m'mbale imodzi? Anakabwezera kasileti pansi pa pilo mapemphero asanathe. Koma nkhani ya munthu wina sinawakwanirepo chibadwire. Ankafuna kupisa mkono okha.

Loweruka m'mawa anasiya matumba awo ndi mnzawo wogulitsa naye, n'kuoloka msewu cha kumtunda. Anavula masilipasi, n'kukwera pa khonde kuchokera mbali ya kumanzere, n'kuima masitepe atatu kuchokera pa makina. Dzuwa linali litakwera, pakhonde pali mbee. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iwo anadekha.

A Zaidi ankapinda mpendero wa siketi ya yunifomu. Ulusi unaduka. Ananyowetsa nsonga yake ndi malovu, n'kuwerama mpaka chipumi kugunda makina. Anaphonya. Anapapasa singano ndi chala, kufuna kabowo kake, n'kuyesanso. Anaphonyanso. Mayi Asiya ankawerenga mumtima. Munthu amene kale ankalowetsa ulusi uku akukamba za mpira anayesa kasanu ndi katatu. Kachisanu ndi chinayi singano inawabaya, n'kuyamwa chalacho mwakachetechete ngati zozolowera.

Kenako anatsegula kadirowa. Asanatulutse kabotolo kaja anatembenuka kuyang'ana kumanja, n'kuyang'ananso kumanzere, kuona ngati pali munthu. Maso awo anadutsa pa akazi awo osaima. Atakhutira kuti ali okha, anagadamitsa mutu, n'kudontheza diso lili lonse kadontho kamodzi.

"Mafuta a makina aja ndi amenewo?"

Kabotolo kanagwa n'kugubudukira pansi pa makina. A Zaidi anatembenuza mutu wonse, kufunafuna kumene kwachokera mawu, mpaka nkhope yawo inalunjika pa akazi awo.

"Mwafika liti, mayi a Bushra?"

"Ulusi usanaduke."

A Zaidi anagwetsa manja pa maondo. Galimoto ya nzimbe inadutsa mumsewu, ndipo onse awiri anadikira kuti phokoso lake lithe.

"Adokotala a ku Lilongwe akuti mitsempha ya maso ikufa pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali. Panopa ndimaona ngati ndikusuzumira mu paipi, ndipo ngakhale m'paipimo muli chifunga. Mankhwalawa amangochedwetsa. Zimene zapita sizibwerera."

"Kuyambira liti?"

"Zaka ziwiri. Mabuku a pepala ndinasiya kuwaona kalekale, ndinkangowagwira kuti musadabwe. Kasiletika ndi kamene kanandibwezera kuwerenga. Tsiku loyamba nditakulitsa zilembo ndinalira, ndipo munandipeza."

"Nanga tsiku lija pa msewu?"

"Tsiku liti?"

Mayi Asiya anazindikira kuti tsiku lija amuna awo sanawaone n'komwe. Sanafotokoze za chitenje.

"Zaka ziwiri, abambo a Bushra. Ine ndikuthamanga Benga yense kufunsa za mkazi woti kulibe, ndikukonza zoitana ankhoswe, inu muli phee. Munkaopa chiyani kundiuza? Ndine chilombo ine?"

A Zaidi anapapasa siketi ija, n'kuisalaza ndi chikhato kawiri. Atayankhula, mawu awo anali ofatsa monga mwa masiku onse, opanda mkwiyo, ndipo n'chifukwa chake analowa kwambiri.

"Ndakhala pakhonde pano zaka makumi atatu, ndikukuonerani kutsidyako mukugwira ntchito. Ndimakunyadirani. Koma sindinakuoneniponi mukusunga thumba lopezeka ndi chilema, ngakhale limodzi. Ndinaona kuti bola muzindiyesa wachimasomaso. Mwamuna wachimasomaso mkazi amamumenyera nkhondo. Wakhungu sindinadziwe kuti mutani naye."

Mayi Asiya akhala akutukwanidwa ndi alimi, akhala akuitanidwa mfiti pamsika, osagwedezeka. Apa anangokhala pansi pa benchi ya makasitomala. Anachita manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali mantha. Anazindikira kuti miyezi yonseyi ankafunitsitsa kuti Sabrina akhale munthu, chifukwa munthu umatha kumupeza, kumulalatira, kumuthamangitsa. Ichi chinalibe khomo loti n'kukagogoda. Anafufuza pansi pa pilo, m'kadirowa, mpaka ku Dwangwa, koma maso a amuna awo, amene anali pankhope poyera tsiku lililonse, sanawayang'ane.

Sanapepese, chifukwa pakamwa pawo mawu amenewo sanazolowere. Anagwada, n'kutola kabotolo kaja, n'kukapukuta ndi chitenje, n'kukabwezera m'kadirowa.

"Sunthani," anatero.

Ananyowetsa ulusi n'kuulowetsa kamodzi kokha. Kenako anayang'ana mpendero wa siketiyo, n'kuona kuti wakhota, n'kuyamba kuusomola ndi zala.

Sabata yotsatira anthu a pa Benga anadabwa kuona sikelo ndi matumba a Mayi Asiya zitaoloka msewu, n'kukhazikika pansi pa khonde la telala. Iwo ankauza wofunsa aliyense kuti kutsidya kuja kunachuluka fumbi. Ulusi ukaduka a Zaidi amangotsokomola, iwo n'kusiya kasitomala ali chiimire, kukalowetsa, n'kubwerera. Mitundu ya ulusi amasankha ndi iwo, ndipo mzere uliwonse wosokedwa amauyendera ndi diso lomwe lija loopedwa ndi alimi. Ntchito zikuluzikulu a Zaidi anasiya, amangopinda mipendero ndi kuika zigamba. Ku Lilongwe amapita awiri tsopano, ndipo adokotala amatuluka thukuta ndi mafunso.

Swala ya Asiri, pemphero la dzuwa litapendeka, ikatha, malonda atazizira, a Zaidi amatulutsa kasileti. Sakagwadikanso pachifuwa. Amawerenga Chingerezicho pang'onopang'ono, chala chikugogoda galasi pafupipafupi popeza tsamba silichedwa kutha, kenako n'kumasulira m'Chichewa. Buku loyamba kumvera limodzi linali la banja lina loweta nkhosa ku dziko lozizira. Mayi Asiya anakayikira mlamu wa m'nkhaniyo kuyambira tsiku loyamba, chifukwa ankaseka bwino, ndipo pamapeto zinapezeka kuti ndi iyeyo ankaba nkhosazo. Anayenda sabata yonse akudzitama. Za Sabrina amati kaya ali kuti, mabuku ankasankha bwino, komabe mkazi wotaya chinthu chotere pa mulu wa zakale ayenera kuti pakhomo pake sipali bwino.

Matumba amabwezabe, tisanamizane. Koma alimi ena ayamba kunong'onezana kuti masiku ano akapeza faya pansi amangotsitsa mtengo, thumba n'kulitenga.

Mkono uja unapeza ntchito ina. Lachisanu lililonse a Zaidi akapita ku mzikiti, Mayi Asiya amatsegula kathumba kobiriwira, n'kudina kabatani, n'kuwerenga mawu a patsamba ndi chala. Amuna awo akafunsidwa za maso amati ali bwino, alhamdulillah, koma iwo sakhulupirira pakamwa pa munthu. Kwa miyezi isanu ndi iwiri ankapeza mawu asanu ndi anayi, nthawi zina khumi, n'kupuma. Lachisanu la sabata yatha anapeza asanu ndi limodzi. Anatembenuza tsamba, n'kupezanso asanu ndi limodzi. Anakhudza pamwamba monga anaonera kwa Fainess, ndipo kadontho kanali kumapeto kwenikweni kwa mzere.

Anakhala pa bedi kanthawi, kasileti kali pa miyendo. Kenako anakabisa m'chitenje n'kupitanso ku nyumba za aphunzitsi. Anafunsa Fainess ngati m'kachipangizomo mungalowe buku la Chichewa. Fainess anapeza limodzi lokha pa kompyuta yake, kabuku ka ana a sukulu, n'kulilowetsa ndi chingwe. Anawaonetsanso kawiri mochepetsera zilembo ndi mozibwezera.

Masana amenewo, swala ya Asiri itatha, a Zaidi anatambasula dzanja kufuna kathumba kawo pamalo pake, osakapeza.

"Kali kuno," anatero Mayi Asiya. "Lero ndiwerenga ndine. Ndinalekera Sitandade 4, ndiye mukandiseka ndisiya."

A Zaidi sanafunse chifukwa chake. Anatembenuza mutu wonse kuti awaone bwinobwino, n'kuwayang'ana nthawi yaitali, kuyambira pa mpango mpaka pa chitenje.

"Chitenje chimenechi n'chatsopano?"

"N'cha Ramadhani yatha."

"Chakukhalani."

Mayi Asiya anakonza kukhosi, n'kuika chala pansi pa liwu loyamba. Chalacho chitangokhudza galasi, tsamba linatembenuka lokha asanayambe, ndipo anachita kufunsa amuna awo kuti kubwerera m'mbuyo amakhudza mbali iti.